Chaka Chimene Ndinaphika Mbewu Yanga

Kwathu kuno, mbali ya ku Mtenguleni, anthu akamakumbuka chaka chija amati chaka cha chilala, ena amati chaka cha gaga. Ine ndili ndi dzina langalanga. Ndimati chaka chimene ndinaphika mbewu yanga ndi manja angawa, n'kuiyamikira kukoma. Ndikatero amaseka, amati amake Mphatso pakamwa sipapuma. Aseke, koma nkhani yake ndi iyi.

Meyi

Mvula inatithawa chimanga chitangoyamba kumasula ngaiyaye. Dzuwa linakhala pamutu pathu Febuluwale yense, masamba n'kupindika, n'kuyera, basi. Pofika Meyi, mwezi umene ngolo zimalira m'njira zonse, kunali zii. Ng'ombe tinangozitsekulira m'minda kuti zidye mapesi ali chiimire.

Ine ndine wamasiye. Amuna anga anandisiya ndi mwana mmodzi, Mphatso, amene nthawiyo anali atangoyamba sukulu. Munda wakumtunda sunandipatse ngakhale chodzaza lichero. Chimene chinandipulumutsa ndi kachigawo kanga ka m'mphepete mwa dambo, pamene ndimadzala kamawanga.

Kamawanga ndi chimanga cha makolo. Njere zake n'zolimba, zoyera zosakanikirana ndi zofiirira, ndipo phesi lake limafiira kutsinde. Amayi anachitenga kwawo pobwera ku ukwati, nanenso anandipatsa pa ukwati wanga. Anankafumbwe amachiopa, sichilira feteleza wambiri, ndipo ukakolola umasankha momwemo chodzala chaka chamawa. Muyende m'sitolo zonse za mu Chipata, simuchipeza. Kwa munthu wopanda ndalama ngati ine, kamawanga ndiye mwamuna wapakhomo.

Ndinasankha chachikuluchikulu, ndinamanga zikonyo, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizisunga. Chotsalacho tinayamba kudya mopapira, tikudziwa kuti sichifika patali.

Juni

Tchalitchi chathu n'chaching'ono, ansembe amabwera mwa apo ndi apo. Amene amatsogolera mapemphero, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro ndi akatekisiti athu, a Jere. Ndinene zoona: ine a Jere ndinkawakhulupirira kuposa mbale wanga. Ndiwo anaika amuna anga m'manda, ndipo mawu amene ananena tsiku limenelo ndi amene anandiimiritsa. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi chaka ndi chaka. Ankati Mkhristu akafuna kuchita kanthu azifunsa kaye: kodi ichi chidzakhala ndi phindu lanji pa tsiku lomaliza? Za pansi pano n'zakutha, muyeso wathu ndi wamuyaya.

Lamulungu lina titatha mapemphero, anatikhazika pansi a m'mphakati mwathu, ndiye kuti mabanja amene timapemphera pamodzi m'mudzi. Anati njala imene ikubwerayi idzatidyetsa mbewu, ndipo munthu akadya mbewu wadya zaka ziwiri. Anati mutu umodzi susenza denga, tisonkhanitse mbewu zathu zonse m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, iwo asunge kiyi. Lamulo tinagwirizana limodzi lokha: chitseko chimenecho sichitsegulidwa mpaka mvula yodzalira itagwa, kaya wina alire chotani. Tinawomba m'manja. Ine ndiye ndinaimba nthungululu yoyamba, chitsiru ine.

Ambiri anabweretsa mapaketi a mbewu ya m'sitolo yotsala chaka chatha, ija yopakidwa mankhwala ofiira ndi obiriwira, imene ngakhale nkhuku sungaipatse. A chamakolo tinalipo atatu: ine ndi amayi awiri okalamba, amasiye anzanga. Tinawaza phulusa pa zikonyo zathu, tinalonga m'matumba. Langa anandisenzetsa amake Dalitso, mnzanga wapamtima, amene anaimirira Mphatso pa ubatizo, komanso anali m'komiti ya mpingo yothandiza a Jere. Pomanga thumbalo ndinakumbuka mawu a malemu amayi akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawakankhira kumbali. Ndinati m'nyumba ya Mulungu muli chiyani choopa?

Ogasiti

Mphepo ya Ogasiti inapeza nkhokwe zonse zili kukamwa yasa. Mtengo wa meda, kachitini koyezera chimanga pamsika, unkasintha ngati mwana wobadwa dzulo, ukapita m'mawa wina, ukabwerera madzulo wina. Anthu a m'tauni ankagula timapepala ta ufa tophika kamodzi, ife tinathamangira gaga kuchigayo, nayenso gaga n'kumulimbirana ndi oweta nkhumba. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati chimanga chikuwoloka malire, ena ankati cha thandizo chafika kale ku Chipata, chikungodikira galimoto. Chinabweradi kamodzi, koma kugawana kwake kunali kwa mchere. Mbuzi zinapita, nkhuku zinapita, zotsala chitopa chinamaliza. M'mudzi monse munalibe tambala wotidzutsa.

Gaga sanamuyanje Mphatso. Anayamba kutsegula m'mimba, tsitsi linayamba kufiira, ndipo mwana amene ankandisowetsa mtendere ndi mafunso anangokhala phee pakhonde. Anamwino kuchipatala anandiuza kuti mankhwala ake ndi phala la mgaiwa weniweni. Ndinayenda ganyu mpaka mapazi anang'aluka, malipiro ake gaga yemweyo. Pamenepo ndinapita kwa a Jere. Ndinagwada bwinobwino, ndinafotokoza, ndinapempha zikonyo zochepa chabe, zochokera m'thumba langa lomwe.

Anandimvera mpaka kumapeto, nkhope yachisoni ndithu. Kenaka anati: "Amake Mphatso, ndikakutsegulirani inu, mawa pabwera wina. Mbewu sadya. Musalole mimba ya lero ikulamulireni, yang'anani kutsogolo kumene Mulungu akuyang'ana."

Anandipempherera, anandiperekeza mpaka pamsewu. Patapita masiku ochepa ndinamukweza Mphatso minibasi kupita naye ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kwa mng'ono wanga amene amagulitsa tomato pamsika. Nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi, ana ake omwe ali thithithi, koma phala linkapezeka. Potsanzikana mwanayo anagwira chitenje changa osalira, mphamvu yolirira analibe. Ndinachita kumumasula chala chimodzichimodzi.

Mudabwe tsono. Pobwerera m'minibasi ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha a Jere. Ndinkati tili ndi mtsogoleri wolimba, wosagwedezeka ndi misozi, mbewu yanga ili m'manja abwino.

Okutobala

Kutentha kwa Okutobala kunabwera ndi maliro. Chaka chimenecho tinali titazolowera kuika maliro popanda kuphikira anthu chakudya. Tikachoka kumanda tinkasamba m'manja, kumwa madzi, aliyense kwawo, ndipo palibe amene ankanyoza mnzake. Mmodzi wa amasiye anzanga aja anaika mdzukulu wake chomwecho.

Ndiye kunamwalira akulu awo a Jere, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'maofesi a ku Chipata. Thupi linabwera kumudzi. Magalimoto anadzaza pabwalo, azibambo a masuti, azimayi a nsapato zazitali akumira mumchenga, ansembe awiri. Ife amayi a mpingo tinaitanidwa kuseri kukaphika, ndipo ndinadabwa kupeza ufa uli m'mabeseni, wa mgaiwa, wongochoka kuchigayo.

Ine ndi amene ndinagwira mthiko wa mphika waukulu. Ndikuvundula, ndinamva kafungo ka utsi wa m'khitchini. Nditayang'anitsitsa ndinaona timadontho tofiirira m'ufamo. Ndinamugwira amake Dalitso pamkono n'kumuuza kuti chimanga ichi chikufanana ndi kamawanga wanga. Sanandiyang'ane. Anali kalikiliki kukankha nkhuni, n'kuyankha kuti achibale a amayi a kunyumba kwa a Jere abwera nacho kuchokera tsidya la Malawi, kumeneko cha makolo chikadalipo. Ndinakhulupirira. Nanga munthu amene anagwira mwana wako pa ubatizo angakunamize pamaliro?

Ndinaphika ndi mtima wonse. Alendo atadya, nafenso tinadya, ndipo ine ndinadya ngati sindidzadyanso. Ndinanena mokweza, amayi onse akumva, kuti dalitso likhale pa munthu amene analima chimanga chimenechi, manja ake ndi abwino. Ena anaseka, ena anawerama. Mbamu iliyonse ndinkaganiza za Mphatso, kuti akanakhala pafupi bwenzi nditamubisira kachidutswa.

Kumanda a Jere analalikira mpaka azibambo a masuti anatulutsa mipango. Anati taonani, maofesi atsala, nyumba yatsala, munthu akupita ndi ntchito zake zokha. Alendo pokwera magalimoto ankayamikira kuti mudzi uno ndi wa ulemu, njala yonseyi koma palibe wabwerera ndi njala.

Disembala

Mvula inachedwa, koma itabwera inabwera yeniyeni. Fungo la dothi lonyowa linatidzutsa tonse, ndipo m'mawa mwake tinali pakhomo la tchalitchi, aliyense ndi dengu lake. Ine mizere ndinali nditaunga kale, kumtunda ndi kudambo komwe.

A Jere anatsegula. Mapaketi ofiira ndi obiriwira anali momwemo, osakhudzidwa, eni ake n'kumatenga akuseka. Pakona pamene tinaika matumba atatu a chamakolo panali matumba atatu ndithu, opindidwa bwinobwino, mwala uli pamwamba.

Poyamba mutu unaima. Ndinaganiza za makoswe, ndinaganiza za akuba, ndinayang'ana kudenga ngati pali pobooka. Kenaka m'kamwa mwanga munabwera kafungo ka utsi kaja, ndipo ndinadziwa ndisanauzidwe.

A Jere anakonza kukhosi. Anati komiti inakumana pa nthawi ya zovuta zija, inaona kuti alendo achuluka ndipo dzina la mpingo lili pachiswe. Anati mbewu ya m'mapaketi sikanadyeka chifukwa cha mankhwala, ndiye panalibe kuchitira mwina. Anati kuika akufa ndi ntchito ya chifundo, maliro n'kulirana, ndipo chimene tapereka sichinatayike, chasungidwa kumwamba kumene anankafumbwe safika.

Ndinaika dengu langa pansi. Ndinati: "A Jere, mwana wanga ali moyo ndinagwada pakhomo panu, munati mbewu sadya. Akulu anu atafa, mbewu inayamba liti kudyeka?"

Anayankha kuti ndisalankhule ndi mkwiyo m'nyumba ya Mulungu. Ndinatembenukira kwa amake Dalitso. Anali atagwira paketi yake pachifuwa, maso ali pa zala za kumapazi. Agogo awiri aja anatola matumba awo opanda kanthu, anawakutumula, n'kumapita pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

Sikuba kokha kumene kunandiwawa. Akanabwera usana n'kunena kuti amake Mphatso, tagwira njakata, tithandizeni, mwina ndikanakana, mwina ndikanapereka. Koma anandipatsa mthiko. Anandiyang'ana ndikudalitsa manja anga omwe, n'kukhala chete.

A Jere anatigawira theka la paketi yawo, ati mbewu ndi mbewu. Ndinalandira, njala sidziwa kunyada. Ndinadzala ndikudziwa kuti popanda feteleza idzandipatsa tizitsononkho, ndipo chaka chinacho sidzadzalikanso. Lamulungu lotsatira belu linalira, ine ndinatenga khasu. Khirisimasi inandipeza kudambo.

Januwale

Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene njala imavula malaya. Kunja kuli biriwiri, m'mimba muli mphepo. Tinkadya bowa, nkhwani wopanda nsinjiro, mango osakhwima ophika. Ganyu wopalira ankapezeka kwa amene anali ndi ana m'tauni, ndipo unkayamba wapalira kwa eni, kwako udzu ukukula. Mng'ono wanga ankatumiza mawu kuti Mphatso wayambanso mafunso ake, ndipo funso lalikulu linali lakuti amama abwera liti kudzanditenga.

Kupemphera sindinasiye, koma mapemphero anga anali milandu. Ndinkamufunsa Mulungu ngati kumwamba kwakeko kulidi nkhokwe imene amalandira za amasiye zobedwa. Mawu akuti zamuyaya ndikawamva, ngakhale pawailesi ya mnansi, ndinkalavula.

Tsiku lina ndikuchokera ku ganyu ndinadutsa kanjira ka kuseri kwa a Jere, kamene ndinali nditakasiya dala. Padzala pawo, pamene amataya phulusa ndi zinyalala, panali chimanga chomera chothithikana, chofika m'mawondo, chobiriwira kuposa cha m'munda uliwonse. Ndinangoti ndione. Kutsinde kunali kofiira.

Ndinakhala pansi pomwepo. Nditafukula phulusa ndi chala ndinapeza zitsononkho zowola, mizu ikutuluka kunsonga kwake. Anthu aja potong'ola mbewu yathu anali pa liwiro, anasiya njere kunsonga, n'kukwirira zitsononkhozo ndi phulusa kuti zisaoneke. Kukanakhala nkhuku bwenzi zitafukula kalekale. Koma nkhuku kunalibe.

Sindinapite kukaodira. Ndinapatulira, ndinabandira, ndinadula minga n'kutchinga kuti mbuzi za obwera zisafike. Akazi a Jere anatuluka, anaima, anabwerera m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkayamba padzala pamenepo ndisanapite kwina, ndipo mwini khomo akandiona ankapeza chochita kutsogolo kwa nyumba.

Amake Dalitso anandipeza pomwepo tsiku lina, atanyamula manyowa a ng'ombe m'chidebe. Anathira mozungulira mapesi osandifunsa. Pomaliza ananena motsitsa kuti iye ndi amene ankatong'ola thumba langa, manja ankamunjenjemera, n'chifukwa chake zambiri zinatsalira. Anati ankaopa kutsutsa munthu wa Mulungu. Ndinamuuza kuti ndamva. Zoti ndamukhululukira sindinanene, chifukwa bodza la pamaliro limodzi linali lokwanira.

Padzala pamenepo m'pamene ndinaganiza kwambiri za funso la a Jere lija, lakuti chidzakhala ndi phindu n'chiyani pa tsiku lomaliza. Ndinayesetsa kulitaya pamodzi ndi mwini wake, koma linakana. Funsolo linalibe mlandu. Ndinayamba kuyika zinthu pa muyeso umenewo ndekha, chimodzichimodzi. Dzina la mpingo pamaso pa a masuti, lakutha. Ulemu wa banja la a Jere, wakutha. Ngakhale kamawanga wanga, amene ndinkamulirira usana ndi usiku, wakutha ndithu, tsiku lina adzasowa womudzala. Pa zonse za chaka chimenecho, chimene sichidzatha chinali chimodzi: kamwana kaja kanakhala phee pakhonde. Ndipo pa muyeso wa a Jere ndi komweko kamene kanapepuka.

Epulo

Mwambo wathu wa Ncwala utadutsa anthu anayamba kulawa za m'munda, maungu anatupa, nkhope zinayamba kubwerera. Mbewu ya paketi ija inachita monga ndinanenera. Koma padzala, ha! Mapesi anali ochepa, oti munthu n'kuwakumbatira onse, koma lililonse linabereka ngati likupepesa. Ndinkawadziwa onse ngati ana. Chimanga chilichonse pamenepo chinali mzere wa m'munda wa chaka chamawa, ndipo ndinali nditalumbira kuti palibe chimene chidzathyoledwe chisanaume.

Sabata ya Pasaka ndinakamutenga Mphatso ku Kapata. Anali atatalika, tsitsi lada, akuyankhula chitauni. M'mawa mwake ananditsatira padzala. A Jere anali pampando pakhonde la kuseri, akukonzekera ulaliki, ndipo akazi awo anali atasonkha moto panja.

Mwanayo anazungulira mapesi aja, anagwira chimanga chachikulu kuposa zonse, chimene ndinali nditachisankha kale mumtima kuti chidzakhala mutu wa chikonyo. Ndevu zake zinali zitangoyamba kuuma, dowe weniweni. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amama, ichi n'chathu? Ndingadye?"

Ndinaona mzere wathunthu wa m'munda uli m'kadzanja kake. Kenaka ndinagwira phesi, n'kuthyola. Kulira kwake kunamveka mpaka pakhonde.

A Jere anatsitsa magalasi. Miyezi yonseyi anali asanandilankhule, koma apa pakamwa panawatsogolera. Anati: "Amake Mphatso, zatsala zochepa. Mbewu sadya."

Ndinati: "Imadyeka, a Jere, munandiphunzitsa ndinu. Chatsala n'kusankha woidya. Inu munadyetsa dzina lanu, ine ndikudyetsa amene Mulungu adzandifunse."

Akazi a Jere anasuntha mphika pamafuwa, n'kundisiyira makala. Ndinasenda makoko, ndinaotcha ndikutembenuza pang'onopang'ono mpaka njere zofiirira zija zinayamba kuthetheka.

Zotsalazo zinauma, ndipo lero zikonyo za kamawanga zili kudenga la khitchini yanga. Agogo awiri aja ndinawagawira, aliyense chake. Kutchalitchi ndinabwerera, ndimakhala kumbuyo, ndipo a Jere akanena kuti za pansi pano n'zakutha ndimavomera, chifukwa n'zoona. Kupepesa sanapepese mpaka lero.

Koma m'mawa umenewo sindinkaganiza za zonsezi. Ndinkangoyang'ana mwana wanga atakhala pa mwala wa padzala, akuuzira, akusinthasintha manja chifukwa cha kutentha. Anadya mzere ndi mzere mpaka kunsonga, osasiyako njere ndi imodzi yomwe.